Dzina Langa Lili M'ndege

Lolemba, 10 Okutobala

Mawa Kettie akufika. Amayi abwera kale kuchokera ku Kawale ndi nkhuku yamoyo m'manja, ati ya mwana wawo. Ine zaka zisanu ndili pabanja kuno ku Nsungwi sanandibweretserepo ngakhale dzira limodzi. Basi, ndisayambe.

Tracy sakugwirika. Walengeza ku Sitandade 1 yonse kuti amayi ake akubwera pa ndege kuchokera ku Kuwait, ndipo amubweretsera nsapato zoyaka magetsi. Zaka ziwiri ndamusambitsa ndine, ndamuperekeza kuchipatala ndine, mawa aiwala zonse chifukwa cha nsapato. Mwana wa mng'ono wako ngwako yemwe, mpaka mwini wake atatulukira.

Amuna anga, a Medson, abwereka galimoto kwa mnzawo wa kugalaja. Asamba m'manja ndi sopo katatu, girisi osachoka.

K. wanditumizira mawu pa Watsapu ali pabwalo la ndege: "Asisi, ndatopa nalo dzina lanuli. Zaka ziwiri abwana akungoti Tiwali, Tiwali. Ndikubwera mudzalitenge." Ndaseka, koma osati kwambiri. Nkhaniyi sindinailembepo m'buku lino, lero ndilemba chifukwa mawa ikutha. Pasipoti imene K. anayendera ili ndi nkhope yake, koma dzina ndi langa, tsiku lobadwa langa. A Kings, ejenti wopezera atsikana ntchito kunja, ankafuna atsikana a zaka 23 kupita m'tsogolo, a satifiketi ya Folomu 4. K. anali ndi zaka 20, mwana kumsana, sukulu anasiyira Folomu 2. Ndinakana katatu. Amayi anachita kundigonera pakhomo: "Pepala lokhalo ungamane m'bale wako? Magazi ndi amodzi." Ndinapereka.

Lachiwiri, 11 Okutobala

Sanafike.

Tinali pabwalo la ndege ku Lumbadzi 11 koloko isanakwane. Ndege ya ku Nairobi inatera bwinobwino. Anthu anatuluka, azungu ndi zikwama zawo zakumsana, amayi ena a katundu wa ku China, masisitere awiri, kenako chitseko chinangokhala duu. Tracy ankalozera mayi aliyense wa wigi, "Awo! Awo!" Foni ya K. yozima. Mtsikana wa pa kauntala anangoti tidikire, maso ali pa kompyuta.

Anatiuza ndi bambo wina amene ankadikira mlamu wake. Ati ndege imene imayenera kufika ku Nairobi m'mamawa, yonyamula anthu ochokera kumayiko a Aarabu, sinafike. Sinagwe, sinatere kwina, yangosowa ili pamwamba pa nyanja. Ndinamufunsa kuti chinthu chachikulu ngati tchalitchi chimasowa bwanji. Anangotambasula manja.

Tinabwerera kunyumba. Nkhuku ikadali yomangirira kuseri kwa bafa.

Lachitatu, 12 Okutobala

Nkhani za masana. Anthu 188, mayiko khumi ndi anayi, "ndipo Mmalawi mmodzi, mayi Tiwale Chapola, a zaka 29, ochokera m'boma la Ntcheu." Ndinali ndikusadzula nkhwani pakhonde. Ndamva wailesi ikundisowetsa ndili ndi nkhwani m'manja.

Tracy anaseka mpaka kuomba m'manja. "Amayi aakulu, akutchula inu!" Kenako anasiya kuseka, n'kuyang'ana aliyense kumaso. "Ndiye amayi anga mulibemo?" A Medson anayankha ine ndisanameze malovu: "Wamva dzina la amayi ako? Ayi. Ndiye kuti akwera ina, abwera." Amayi anagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinakhala chete, ndipo kukhala chete nakonso ndi bodza, ndikudziwa.

Foni yalira tsiku lonse. Emily wa ku sekondale anakuwa nditayankha, n'kudula, n'kuimbanso: "Tiwa, ndiwedi? Tanena dzina la aphunzitsi athu a Jogalafe." Pa Fesibuku atenga chithunzi changa cha ukwati, aikapo kandulo. Uuse mumtendere, uuse mumtendere, anthu mazana atatu. Mkazi uja amene sandipatsa moni kutchalitchi walemba kuti ndinali ngati m'bale wake weniweni. Koma abale! Munthu uzifa kaye kuti ukondedwe.

A Medson andilanda foni n'kufufuta akaunti yonse. "Aliyense akafunsa, ndi mnzako wa dzina. A Chapola alipo ambiri. Pasipoti yabodza ndi kundende ku Maula, Tiwa, ndipo satifiketi ndi yako, sungakane."

Lachinayi, 13 Okutobala

Kusukulu a dairekita andiitanira mu ofesi. "Aphunzitsi, dzina kufanana, zaka kufanana, mpaka boma lochokera?" Ndati zimachitika, bwana. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ati makolo akufunsa, ndipo sukulu ya pulayiveti imakhalira mbiri yabwino. Ndawathokoza. Ndathokoza chiyani, kaya.

Ndaphunzitsa Sitandade 5 za mitsinje ya m'Malawi. Chisankho wa kumbuyo uja wakweza dzanja: "Madamu, nyanja ya mchere ndi yakuya bwanji?" Ndati sizili pa silabasi.

Lachisanu, 14 Okutobala

Ndinapempha kuweruka msanga, ndakwera minibasi kukasaka a Kings m'tauni. Pamene panali ofesi yawo pano akugulitsapo makava a foni. Mwini wake ati munthu ameneyo sakumudziwa, koma wandiyankha ndisanamalize kutchula dzina.

M'minibasi aliyense ndi katswiri wa ndege. Kondakitala ati aiba zigawenga, aibisa m'phanga ku Somalia. Bambo wa jekete ati ndi Amereka, munali munthu amene ankadziwa zinsinsi. Mayi wina wa dengu la usipa ati inu simudziwa, pansi pa nyanja pali mzinda wa a satana, chaka chilichonse amafuna nsembe. Wina ati woyendetsa anakangana ndi mkazi wake. Kenako afika pa Mmalawi uja. "Atsikana a masiku ano kukonda ndalama, kukatsuka zimbudzi za Aarabu." "Ndamva anali hule ameneyo." "Ayi, ndi mphunzitsi wa ku Area 25 konkuno, anathawa mwamuna." Ine ndili pakati pawo, bondo langa likugundana ndi la amene akunditukwanayo. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndinatsikira pa Kanengo n'kuyenda wapansi, dzuwa lonse lija.

Loweruka, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. K. anasankha dala sabata ino kuti adzawaveke amayi chitenje ndi manja ake. Tracy wajambula khadi: ndege, mayi wa tsitsi lalitali pawindo. Waliika pansi pa pilo, ati ndisalikhudze. Ine sanandijambulire.

Lamulungu, 16 Okutobala

Ndaperekeza amayi kutchalitchi kwawo ku Kawale. Ndinalakwitsa. Ku Nsungwi mwina ndinganamize anthu, koma ku Kawale K. anakulira m'maso mwawo, anamuperekeza okha popita. Aliyense akudziwa, palibe akunena.

Mkulu wa mpingo popemphera anafika pa ife n'kutsokomola. "Tikumbukire mwana wa mayi Nangozo amene ali paulendo." Mwana uti? Odwala onse anawatchula mayina, mpaka agogo a nyamakazi, mpaka mwana wolemba mayeso. K. yekha, amene anaimba kwaya momwemo zaka zisanu ndi chimodzi, wasanduka "amene ali paulendo". Kodi Mulungu ndiye akamupereke kupolisi?

Potuluka, kuseri kwa thanki ya madzi, mawu a mayi wina: "Dzina la mwini limalemera." Mnzake: "Mwina anachita kumupatsa dala, anthu osaberekawa amayenda." Sindinacheuke. Ndikanacheuka bwenzi pano tikukamba mlandu wina.

Lachiwiri, 18 Okutobala

Lero ndinali Kettie.

A boma anaitana achibale ku Capital Hill. Amayi sangapite okha, Chingelezi ndi zikepe. A Medson anati ndiwaperekeze koma ndikhale mng'ono wake wa wosowayo. Ndinavala duku mpaka m'zikope.

Anatilandira bambo wina waulemu, a Wilkins Zuze. Anatipatsa madzi ozizira. Anatulutsa pepala la pasipoti: nkhope ya K. ndi ndolo zanga zimene anabwereka tsiku lojambulitsa, pansi pake TIWALE CHAPOLA. "Ndi mwana wanu uyu, mayi?" Amayi: "Ndi wanga." "Ndipo awa?" Amayi osaphethira n'komwe: "Uyu ndi Kettie, wamng'ono." Wamng'ono! Ine wa imvi ziwiri pachipumi. A Zuze anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako analemba.

Namwino anawapukuta amayi m'kamwa ndi kathonje, ati akapezeka matupi adzafananitse magazi. Amayi anatsegula kukamwa ngati mwana wa ku sikelo.

Ndiye a Zuze anati kampani ya ndege ikufuna mawu ochepa onena za munthu aliyense. "Tiwale ndi munthu wotani, mayi?" Amayi anayamba. Tiwale wanga ndi wosekaseka. Tiwale akalowa m'nyumba mumawala. Tiwale sanandiyankhepo mwano. Tiwale anapita kutali kuti ine ndisagone ndi njala, ana otere ndi ochepa. Misozi ili chuchuchu. Zaka 29 ndadikira kumva amayi akunena dzina langa ndi mawu amenewo. Ndalimva lero, ndipo sankanena ine.

Ndinapempha kopita kuchimbudzi.

Lachinayi, 20 Okutobala

Dzulo wailesi inati sitima zapamadzi zaona mafuta akuyandama, tonse tinaunjikana. Lero ati mafutawo ndi a sitima ina yonyamula katundu. Zoyera zimene ndege ya asilikali inajambula ati ndi maukonde otayidwa. Mayiko asanu ndi awiri akusaka, makina oona mpaka nyerere kuchokera kumwamba, koma akungotola zinyalala.

Amayi apeza mneneri ku Mgona. Ati waona m'masomphenya ndege itatera pachilumba, anthu ali moyo, akudya zipatso, koma pali mtambo wowaphimba umene ufunika kuuswa ndi mapemphero a masiku asanu ndi awiri. Wawauza abweretse chovala cha wosowayo. Atenga bulauzi yobiriwira ya K. Nkhuku nayo yapita konko.

Ndinati amayi, munthu ameneyo akanakhala woona, bwenzi azungu a sitima atamutenga kale. Anandiyankha akumanga mpango: "Iwe sunabereke, sungadziwe." A Medson anamva, anatuluka kukayang'ana matayala a njinga amene alibe vuto.

Mneneriyo ndiye amuuza dzina liti? Ndinafunsa. Ati lenileni. Ha! Wakuba wa ku Mgona ndiye woyenera kumva zoona.

Loweruka, 22 Okutobala

Ndege iliyonse yopita ku Lumbadzi imadutsa pamwamba pa denga lathu. Zaka zisanu sindinkazimva. Pano Tracy amathamangira pampanda, ine ndimathamangira m'bafa.

Lolemba, 24 Okutobala

Foni pa nthawi ya buleki, nambala yachilendo. "Ndikulankhula ndi mayi Kettie?" Ndinati mwalakwitsa nambala, n'kudula. Patapita mphindi ndiye ndinakumbuka kuti Kettie ndine. Ndinaimbanso, ndati pepani, netiweki.

Anali a Zuze. Ati m'ndege mumakhala kabokosi kosunga mawu a oyendetsa, kamalira pansi pa madzi masiku makumi atatu batire lisanathe. Sitima ina yamva kulira, akupita kukaona. Ati tisataye mtima, komanso tisayembekezere zambiri. Ndiye tichite chiyani, tiime mwendo umodzi?

Masiku 13 apita. Ndayamba kuwerenga ngati mkazi woyembekezera.

Ndamukwiyira K. lero, ndilembe zoona. Iye nthawi zonse amaswa mbale, wotolera magalasi ndine. Mimba ya Folomu 2, amene anapita kukagwada kwa a hedi ndine. Mwana, ndine. Dzina, ndine. Ngakhale kusowa kwake wasowa ndi zanga. Kenako ndamvetseranso mawu ake aja pa Watsapu, kumbuyo kukumveka mayi wolengeza za ndege, iye akuseka ndi mphuno monga amachitira, ndipo ndalira mu sitafu rumu pamaso pa aphunzitsi a Sitandade 3. Ndati ndi chimfine.

Lachitatu, 26 Okutobala

Kulira kuja sikunali kwa kabokosi. Ati mwina makina a sitima yomweyo. Mxii.

Tracy waluma mnzake. Mtsikana wa Sitandade 3, wa makolo a ku Kawale, wamuuza kuti amayi ako adyedwa ndi nsomba. Mano anayi pamkono, magazi. Andiitana ngati kholo komanso ngati mphunzitsi. Ndinamupeza ataima pakona ya ofesi, osalira, nkhonya zili gwa.

"Ndi wabodza. Pa wailesi sanatchule amayi anga. Anatchula inu, ndipo inu muli pano. Eti amayi aakulu? Muwauze."

A dairekita akundiyang'ana. Mayi wa mwana wolumidwa akundiyang'ana, kukamwa atapotoza. Ndinati, "Eya, sanatchule." Ndi pakamwa panga, osati pa a Medson. Tracy anatembenukira mnzake uja monyada ngati wawina mlandu kukhoti.

Pobwera kunyumba anandigwira dzanja njira yonse. Sachita zimenezi. Anandifunsa ngati ndege ina ija imachedwa chifukwa cha mafuta, ngati maminibasi. Ndinati mwina.

Lachisanu, 28 Okutobala

Apeza. Asodzi a m'mphepete mwa nyanja kumtunda uko akoka chidutswa cha phiko, mipando iwiri ndi masutikesi. Manambala agwirizana. Mkulu wa kampani walankhula pa TV atavala tayi yakuda: palibe chiyembekezo choti wina anapulumuka.

Ndinamutumiza Tracy kwa anzake. Amayi analowa kuchipinda, n'kudzitsekera chitenje m'kamwa kuti aneba asamve. Ndinaima pakhomo ndikuwaona msana ukugwedezeka, mawu osatuluka. Mayi amene analira maliro a bambo mpaka kumveka ku Biwi, lero akulira ngati wakuba. Tikalira mokweza anthu abwera, akabwera afunsa wamwalira ndani, ndipo wamwalirayo ndi amene akuwapatsa mipando.

Madzulo amalume a Pemphani aimba kuchokera ku Ntcheu. Iwo sazungulira. "Maliro osalira amadwalitsa mtundu. Thupi kulibe, tiika thunthu la nthochi monga mwa mwambo, manda akhalepo, mwana adzakhale ndi polozera. Koma pamtanda tilembapo ndani? Ine sindingakwirire munthu amene akundiyankha pa foni." Ndati ndikuimbirani, amalume.

Mneneri wa ku Mgona ati mtambo unali wolimba kuposa mmene ankaganizira. Bulauzi sanabweze.

Loweruka, 29 Okutobala

A Zuze: Lachiwiri amayi akasaine fomu kuti boma litulutse chikalata cha imfa. Mboni ikhale m'bale wake. Ndiye kuti ine.

Lamulungu, 30 Okutobala

Sitinapite kutchalitchi. Tracy tinamutumiza ku Sande sukulu, ife atatu tinakhala pabalaza, mawindo otseka ndi kutentha konseku.

A Medson akuti ndisaine. "Dzina n'chiyani, Tiwa? Kunyumba kuno uzikhala Tiwa yemweyo. Zikazizira anthu aiwala." Ndinawafunsa kuti munthu wakufa amaphunzitsa bwanji Sitandade 5. Amavota bwanji, amatsegula bwanji buku kubanki? Ati tidzaona. Ndinati nanga Tracy? Pamapepala amayi ake adzakhala amoyo, Kettie Chapola, ndipo Kettie Chapola ameneyo ndine, wosaina kuti mkulu wanga wafa. Mwana adzakula akudikira munthu amene boma likuti ali moyo, manda kulibe, maliro sanachitike. Ati ana amaiwala. Ndinati inu munaiwala malemu amayi anu? Ndinawabaya dala, ndipo sindikupepesa.

Kenako anakweza mawu, ati kodi ndikufuna azindibweretsera chakudya m'kontena ku Maula, anthu akuwaloza. Ndiye vuto ndi kulozedwa kwawoko. Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Amayi nthawi yonseyi anali pamphasa. A Medson atatuluka, amayi anandikoka chitenje. "Tiwale." Ndinakhala pansi. "Ndinakukakamiza ndine. Ndataya mmodzi. Usandilande winayu." Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, manja okhakhala aja. Sindikumbuka tsiku lina limene anandigwirapo chonchi.

Ndinafuna kukondwa. Zinakanika. Ndinangoona kuti anachita kudikira K. amire m'nyanja kuti aone kuti ali ndi mwana wina. Ndinawachotsa manja pang'onopang'ono, ndati ndikateleke madzi.

Tracy pobwera anatiimbira nyimbo imene aphunzira. Ati anapemphera kuti ndege ya amayi ake ipeze mafuta.

Lolemba, 31 Okutobala

Ndaphunzitsa mapiriyodi onse. Ndachonga makope onse mpaka a sabata yatha, ndasiya makiyi a kabati mu diloo ya tebulo. Ndasita diresi ya buluu. Satifiketi ndaichotsa mu felemu, kumbuyo kwake kunali mphemvu yakufa.

Mitambo inasonkhana masana, kunagunda kawiri, osagwa ngakhale dontho.

Lachiwiri, 1 Novembala

Ndinanyamuka ndekha 6 koloko. Amayi ndinawauza kuti fomu yasinthidwa tsiku, bodza lomaliza. A Medson anaona envelopu, anaona diresi, sanafunse. Anangoti, "Wanyamula juzi? M'maselo mumazizira." Ndinatsala pang'ono kuwakhululukira.

Duku sindinavale. A Zuze anali atayala kale fomu patebulo, cholembera pamwamba. "Amayi ali kuti, mayi Kettie?" Ndinaika satifiketi pamwamba pa fomu yawo. Ndinati bwana, Tiwale Chapola ndine. Amene anali m'ndege ndi mng'ono wanga Kettie, wa zaka 22, ali ndi mwana mmodzi, ankaimba alito. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena za alito.

Anadzuka n'kutseka chitseko. Anakhala pansi, anavula magalasi. "Chithunzi chanu cha ukwati ndinachiona pa Fesibuku tsiku loyamba lomwe, mayi. Ndimadikira kuti munene nokha." Ndiye masabata awiri onsewa ankanditchula Kettie akudziwa! Ndinafuna kuwagenda ndi cholembera chawocho. Ati sangabise, ayenera kudziwitsa apolisi ndi a kampani, ndipo dzina likonzedwa pamndandanda. Ndinati ndicho ndabwerera.

Kupolisi maola atatu. Sitetimenti masamba anayi, zala zonse khumi mu inki. Wapolisi wamkazi anafunsa za a Kings, ndanena zonse. Anafunsa ngati amayi ankadziwa. Ndati ndi okalamba, sadziwa kuwerenga. Satifiketi yatsala komweko ngati umboni. Andilola kupita, ndikaonekerenso Lolemba ndi mboni ziwiri, za kukhoti ndidzamva konko. Ndili m'minibasi uthenga wa a dairekita: ndiyambe ndapuma kaye kufikira nkhaniyi itaoneka mutu wake. Nkhani imathamanga kuposa minibasi.

Ndinafika 2 koloko. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Anaona zala zanga zakuda. Ndinati, "Ndanena. Mulireni mwana wanu ndi dzina lake."

Lichero linagwa. Anaima, anayenda mpaka pakati pa bwalo, manja kumutu, n'kukuwa KETTIE mpaka agalu a mzere wonse anayamba kuuwa. Kettie mwana wanga, Kettie iwe. Masabata atatu a misozi yotsekera. Sanandiyang'ane, kaya andikhululukira kaya ayi.

Aneba anafika mphindi zisanu zisanathe, ngati ankangodikira kuseri kwa mipanda. Palibe wafunsa kuti wamwalira ndani. Azimayi atulutsa mipando ndi tebulo m'nyumba, ayala mphasa. Azibambo athyola nthambi za mkesha, aika pamsewu uku ndi uku. A Medson abwera kuchokera kugalaja ndi ovolosi, akuthandiza kukoka tenti. Amalume ndawaimbira, ati mawa akadula nthochi.

Ine ndakhala pa sitepe ya kuseri, poonekera njira ya kusukulu, ndikulemba. Ndauza aliyense kuti wina asayerekeze kumuuza, ndimuuza ndekha. Ndayeserera mawu kasanu, onse ndi oipa.

3 koloko yakwana. Ana a yunifolomu ayamba kutulukira pa kiyosiki ya madzi. Uyo. Waima. Waona mipando panja, waona tenti, anthu ambirimbiri pakhomo pathu. Wataya chikwama pansi. Akuthamanga, akuseka, akukuwa kuti amayi aakulu, amayi aakulu, afika?